Funsani Malume: Kodi mlatho wina pa Lunyangwa ungathetse jamu ya mu Mzuzu?

Mwezi uno mauthenga ambiri omwe afika pa WhatsApp yathu achokera konkuno ku Mzuzu ndipo onse akuzungulira pa nkhani imodzi, mlatho. Chionereni anthu zithunzi za mlatho watsopano wa pa mtsinje wa Lilongwe pa Facebook, aliyense akufunsa kuti nanga ife liti. Kwa inu omwe mwangoyamba kumene kuwerenga tsamba lino, ine ndinagwira ntchito za misewu ngati kapitawo kwa zaka zambiri ndithu, ndapondapo konkire, ndagonapo m'matenti m'mbali mwa mitsinje kudikira kuti madzi aphwe, nde zambiri zomwe ndikuyankha apazi ndi zomwe ndinaziona ndi maso angawa.

FUNSO: Malume, ine ndimayendetsa minibasi ya tauni mpaka Ekwendeni. M'mawa cha m'ma 7 komanso madzulo anthu akaweruka timangokwawa kuchokera ku Luwinga mpaka kulowa m'tauni, mafuta nkumatha, abwana madzulo akufuna ndalama yawo yokwana, mapasenja nawo kukalipira ine ngati jamuyo ndabwera nayo ndine. Sabata yatha ndinanyamula mayi wina woyembekezera matenda atayamba akupita ku chipatala cha Central, kutsogolo kuli mathanka a mafuta awiri, kumbuyo masiyenta, polambalala panalibe, ndinatuluka thukuta kuzizira konseku. Anzathu ku Lilongwe awamangira mlatho waukulu, bwanji ife osatimangira wina pa Lunyangwa kuti galimoto zizigawana njira? Dalaivala, Chibavi.

YANKHO: Achimwene, choyamba zikomo kuti mayiwo munawafikitsa, nkhani yanu yandikhudza chifukwa m'jamu simumangokhala anthu ochedwa ku ntchito okha ayi, mumakhalanso odwala, maambulansi, ana opita kokalemba mayeso. Ndipo maganizo anu ndikugwirizana nawo, Mzuzu ikufunika njira ina yabwino yowolokera Lunyangwa. Tauniyi inayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung cha m'ma 1947, inakhala mzinda mu 1985, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000 pomwe mu 2008 tinali tisanafike ndi 140,000 komwe. Nde taganizani, kumtunda ku Luwinga kuli yunivesite ya Mzuni, kuli chipatala cha Central, kuli mafakitale ndi malo osungira katundu, pomwe msika waukulu, depoti, mabanki ndi maofesi zili m'tauni, anthu onsewa m'mawa amasinthana, awa kupita uku awa kubwera kuno, ndipo pafupifupi onse amathira mu M1 yomweyo. Timilatho tina m'malokeshoni tilipo koma galimoto yaikulu singadalire timeneto, nthawi ya mvula olo siyenta imene imaopa matope a njira zake.

Koma pali chinthu chomwe ndikufuna muchione bwinobwino pa zithunzi za ku Lilongwe zija. Pa ntchito ija, yomwe inachitika ndi thandizo la boma la Japan, sanangomanga mlatho wokha nkuchokapo, anakuzanso M1 mbali zonse ziwiri za mtsinje kuti galimoto zotsika pa mlathopo zikhale ndi kolowera. Inu mumathira mafuta ndi fanulo nthawi zina, mukudziwa kuti olo kukamwa kwa fanulo kutakula bwanji mafuta amatsika molingana ndi kakhosi kake kam'munsi. Msewunso ndi chimodzimodzi. Mutamanga mlatho wa mizere inayi pa Lunyangwa koma galimoto zonsezo nkukathiranso mu raundabauti imodzi yomweyo ya m'tauni, jamu ingosamuka mamita pang'ono, mudzaipeza ikukudikirani kutsogolo.

Mawa m'mawa mukamakwawa tayang'anitsitsani kuti mzerewo ukuyambira pati penipeni. Nthawi zambiri mupeza kuti pa mlatho penipenipo galimoto zikuyenda, zimaima pa mphambano pomwe wina akufuna kukhotera kumanja nde akudikira mpata, kumbuyo kwake onse aima. Zimaima pa siteji pomwe minibasi kapena siyenta yaimira mumsewu momwemo kutsitsa munthu mmodzi, apa ndikunena ndi inu ndi anzanu achimwene, osati mokunyozani, ndikudziwa kuti malo oimapo abwino ndi ochepa ndipo mukapanda kuima pomwepo pasenja amutenga mnzanu. Zimaimanso chifukwa cha thiraki yomwe yafa pachitunda. Mzere umodzi wa msewu galimoto zikamayenda osaima umatha kudutsitsa galimoto zing'onozing'ono pafupifupi 1,800 pa ola, koma imodzi yokha ikaima kwa mphindi imodzi ndiye kuti galimoto makumi angapo zaunjikana kumbuyo kwake, ndipo kuti mzere umenewo usungunuke zimatenga nthawi yoposa mphindi ija.

Kenako pali mathanka munatchula aja. Mafuta ambiri omwe timagwiritsa ntchito m'dziko muno amachokera ku doko la Dar es Salaam, kulowera pa Songwe, Karonga, kukwera Chiweta, nkudzadutsa pakati penipeni pa Mzuzu kupita ku Lilongwe. Onjezanipo mathiraki a malasha, a matabwa a ku Chikangawa, a mpunga wa ku Karonga, ena ochokera ku Nkhata Bay pa M5. Ambiri mwa amenewa alibe chochita m'tauni muno, angodutsa basi, koma timapikisana nawo pa raundabauti imodzi. Ku Lilongwe anamanga msewu wolambalala mzinda chakumadzulo, wochokera ku mphambano ya ku Bunda kukafika pa msewu wa ku Mchinji, cholinga chake chomwechi. Nde ine maganizo anga ndi akuti mlatho watsopano wa mu Mzuzu ungathandize kwambiri utakhala pa njira yake yosiyana, yatala mbali zonse, yoti thiraki yopita kummwera isaonenso msika, kapena yoti munthu wochokera ku lokeshoni kupita ku chipatala asayambe walowa m'tauni kaye. Malo ake enieni ndi ntchito ya mainjiniya atayeza nthaka ndi madzi, komanso atawerenga galimoto kwa masiku angapo ndi kufunsa madalaivala kuti mwachokera kuti mukupita kuti.

Chomaliza kwa inu, msewu ukakhala wabwino galimoto zimachuluka. Yemwe amasiya galimoto pakhomo kuopa jamu amayamba kuitulutsa, mapuloti a tsidya linalo amakwera mtengo anthu nkumangako, pakatha zaka zingapo njira yatsopano ija yadzadzanso. Izi zachitika m'mizinda yambiri. Ndi chifukwa chake minibasi yanuyo, yomwe imanyamula anthu khumi ndi angapo pa malo omwe galimoto ziwiri za anthu awiri zikanatenga, ndi yofunika kuiganizira pa pulani, ikhale ndi masiteji ake olowa m'mbali mwa msewu.

FUNSO: Amalume ine ndi wa kabaza, kuno timati sakaramento, ndimapalasa kuyambira 5 m'mawa. Pa mlatho ndi pomwe ndimaopa kwambiri chifukwa kumanzere kuli zitsulo kumanja kuli thiraki, pothawira palibe, mnzanga wina anakankhidwa ndi galasi la basi anathyoka mkono mpaka pano sapalasa. Milatho yatsopanoyi amatiganizirako ife kapena ndi ya a magalimoto okha? Wakabaza, Zolozolo.

YANKHO: Pepani kwambiri za mnzanuyo achimwene, mumupatse moni wanga. Funso lanuli kwa ine ndi lalikulu kuposa onse omwe ndalandira. Imani pa mlatho uliwonse mu Mzuzu muno m'mawa muwerenge, mupeza kuti anthu oyenda pansi, a njinga zopalasa ndi a njinga zamoto ndi ochuluka kuposa omwe ali m'galimoto zawozawo. Amayi osenza madengu a masamba ochokera kumadimba, ana a sukulu, abambo okankha njinga ya makala kapena nkhuni, onsewa amadutsa pomwepo. Nde mlatho womwe sunawapatse malo anthu amenewa watumikira anthu ochepa ndipo umabweretsanso jamu, chifukwa dalaivala akakumana ndi njinga pamalo opanikiza amayenera kutsika liwiro kuyenda pambuyo pake mpaka mlatho utathe.

Zomwe muyenera kufunsa ndi izi. Njira ya oyenda pansi ikhale mbali zonse ziwiri, yokwezeka kuposa msewu, yotakasuka moti anthu awiri osenza katundu apatukirane popanda wina kutsikira mumsewu, ndipo pakati pa iyo ndi galimoto pakhale chotchinga cholimba. Kungojambula mzere wachikasu ndi penti sikuteteza munthu, tayala la thiraki silimva penti. A njinga mukhale ndi kanjira kanu. Ndipo chomwe ndachiona nthawi zambiri nkundiwawa mtima nchakuti kanjirako amakamanga bwinobwino pamwamba pa mlatho koma mlatho ukangotha nako katha, kutsogolo kuli ngalande kapena chiphompho, nde munthu amakakamizika kulowa mumsewu pamalo pomwe galimoto zikuthamanga kwambiri. Kanjira kapitirire mpaka pa siteji kapena mphambano yapafupi.

Magetsi nawonso. Mzuzu mukuidziwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chifunga cham'mawa ndi kamvula kowaza kaja, ndipo chifunga chimakhazikika kwambiri m'madambo momwe muli milatho. Dalaivala amakuonani atafika kale pa inu. Magetsi a sola pa mlatho ndi ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa mlatho wonse. Kumbali yanu, kagalasi konyezimira kumbuyo kwa njinga ndi kajekete kowala kaja musakasiye, olo kakhale kakutha.

Nthawi yoyankhula ndi pomwe mlatho udakali pa pepala. Ntchito zikuluzikulu ngati izi zisanayambe pamakhala kafukufuku woona mmene zikhudzire anthu ndi chilengedwe, ndipo pamayenera kukhala misonkhano ndi anthu a m'deralo. Inu a kabaza muli ndi magulu anu pa siteji iliyonse, muli ndi matcheyamani, pitani kwa khansala wanu ndi kwa mabuloko lida mufunse kuti msonkhano ukadzakhalapo adzakuitaneni, mukafika mupemphe kuona chojambulacho ndipo mufunse kuti ife tidutsa pati, mulozereni ndi chala. Konkire ikauma kusintha kumakhala kovuta ndiponso kodula.

FUNSO: Malume chifukwa chani ntchito ya mlatho imatenga zaka? Amabwera ndi zikwangwani, kukumba, kutipatsa njira yafumbi yolambalala, kenako zii miyezi osaoneka munthu. Mphunzitsi, Katoto.

YANKHO: Aphunzitsi, zifukwa zina ndi zomveka zina ayi. Gawo lalikulu la mlatho lili pansi pomwe simuliona. Amayamba aboola nthaka kufuna thanthwe kapena dothi lolimba, ndipo m'dambo ngati la Lunyangwa matope amatha kupita pansi kwambiri, nde pamafunika kukhoma kapena kuumba zipilala zakuya. Asanakumbe nkomwe pamafunika kusuntha mapolo a magetsi, mapaipi a madzi, mawaya a intaneti okwiriridwa, chilichonse chili ndi eni ake ndi mapepala ake. Konkire nayo siifulumizitsidwa, imayezedwa mphamvu yake pakatha masiku 28, ndipo simungasenzetse chipilala katundu chisanakhwime. Kuno mvula imachedwanso kusiya, mpaka Epulo ngakhale Meyi, madzi akadzadza m'maziko ntchito imaima.

Koma zii wa miyezi munanenayo, kunja kuli dzuwa, kawirikawiri ndi ndalama. Kontrakitala sanalipidwe, kapena ndalama zakunja zogulira zitsulo ndi phula zasowa, kapena kwacha yagwa mitengo nkusintha pakati pa ntchito. Ine ndinakhalapo pa ntchito ina miyezi inayi anyamata anga osalandira, makina ataima, anthu a m'mudzi kumatiyang'ana ife ngati ndife aulesi. Pa chikwangwani paja pamalembedwa mwini ntchito, kontrakitala, woyang'anira ndi nthawi yomaliza, jambulani ndi foni, tsiku likadutsa mufunse mwa kalata, ndi ufulu wanu. Ndipo njira yolambalala kuithira madzi kuti fumbi lichepe ndi udindo wa kontrakitala, musamachite kupempha ngati chifundo.

FUNSO: Malume ndine mayi wamasiye, ndili ndi ana anayi. Nyumba yanga ili kufupi ndi mtsinje ndipo ndili ndi dimba lomwe ndimalima repu, tomato ndi chimanga chachiwisi, ndi momwe ndimapezera fizi. Anthu akumakamba kuti kukadzabwera mlatho ndi msewu tidzachotsedwa, usiku sindikugona. Kodi amangogwetsa basi? Nanga ena akuti mlatho umabweretsa madzi m'nyumba, nzoona? Mayi wodandaula, Chiputula.

YANKHO: Amama, mtima ukhale m'malo kaye. Zokamba za pa mjigo ndi pa msika zisakusowetseni tulo, ntchito yotere ikamabwera mumaona anthu oyeza ndi zida zawo, amakhoma zikhomo kapena kulemba ndi penti pa makoma, ndipo pamakhala msonkhano kudzera kwa mabuloko lida ndi khansala. Boma likafuna malo a munthu pa chitukuko lamulo limati pakhale chipukuta misozi. Pomwe pamavuta ndi pa anthu omwe anamanga mkati mwa malo osungidwira msewu, pa misewu ikuluikulu ngati M1 amawerenga mamita 30 mbali iyi ndi 30 mbali inayo kuchokera pakati pa msewu, omanga m'menemo msewu ulipo kale nthawi zambiri sapatsidwa kanthu. Malo a m'mphepete penipeni mwa mtsinje nawonso ali ndi malamulo ake oteteza mtsinje, nde ndi bwino mupite ku ofesi yoona za malo mukafunse kuti puloti yanu ili mbali iti, mudziwiretu panopa.

Pakali pano chitani izi mwakachetechete. Sonkhanitsani pepala lililonse lokhudza malowo, kalata yogulira, ya amfumu kapena a buloko, malisiti a madzi ndi a msonkho wa malo ngati mumalipira, muziike mu pulasitiki pamalo ouma. Mwana wanu wamkulu ajambule nyumba, khitchini, chimbudzi, khola, mitengo ya mapeyala, nthochi, dimba lonse. Owerengera katundu akadzabwera mudzakhalepo nokha, osatuma munthu, ndipo mudzakhale ndi mboni yomwe mumaikhulupirira yodziwa kuwerenga. Mtengo uliwonse wa zipatso ulembedwe, dimba lilembedwe ngati pomwe mumapezera chakudya ndi fizi. Dzina pa pepala likhale lanu, izi ndanena dala chifukwa ndinaonapo amayi amasiye ndalama zawo zikutengedwa ndi achibale a malemu omwe sanaikepo ndi njerwa imodzi yomwe. Musasaine chomwe simunachimve, pemphani kuti akuwerengereni m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, mutenge kope yanu, ndipo musagwetse nyumba ndalama isanalowe.

Za madzi, anthuwo sakunama kwenikweni. Mlatho ukamangidwa ndi pakamwa pang'ono, kapena akangoika makalavati ochepa pomwe pamafunika mlatho weniweni, mtumbira wa dothi womwe amakwezera msewu umakhala ngati damu, mvula yamphamvu ikagwa madzi amabwerera m'mbuyo nkulowa m'nyumba za kumtunda kwa mlathowo. Tonse tikukumbuka Epulo wa 2016 mmene mvula inagwera masiku otsatizana mu Mzuzu muno, nyumba kugwa, anthu kutaya miyoyo, mabanja kukagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Injiniya wabwino amafunsa anthu okhalitsa pamalopo kuti madzi anafikapo pati, ndipo inu amene mwalima dimba limenelo zaka zonsezi mukudziwa bwino kuposa makina ake. Akadzabwera mudzawatengere pa mtengo kapena khoma lomwe madzi anasiya chizindikiro, mudzawaonetse, ndipo mudzafunse kuti pansi pa mlatho wawo padzatsala mpata wotani pamwamba pa chizindikiro chimenecho.

FUNSO: Malume ndili fomu 4 ndipo ndikufuna kudzakhala injiniya. Nthawi ya namondwe Freddy tinaona milatho ya simenti itakokoloka ngati ya mitengo. Chimagwetsa mlatho nchiyani, simenti yochepa? Ndipo milatho yazitsulo imalira galimoto ikamadutsa ija ndi yotani? Mtsikana wa ku Mchengautuwa.

YANKHO: Mwana wanga, wandisangalatsa, limbikira masamu ndi fizikisi, ntchito imeneyi ikufuna atsikana ambiri. Simenti yochepa imagwetsadi zinthu ndipo kuba simenti pa ntchito ndi tchimo lalikulu, koma milatho yambiri padziko lonse imagwa chifukwa cha madzi kukumba pansi pa maziko. Madzi othamanga akagunda chipilala amazungulira ngati mmene umatakasira phala, nkumachotsa mchenga ndi dothi pang'onopang'ono kuzungulira phazi la chipilalacho, pamwamba mlatho ukuoneka wabwinobwino koma pansi waima pa mphako. Tsiku lina mvula yaikulu, chipilala chimakhala pansi kapena kupendekeka, basi. Nthawi zina mlatho umatsala chiimire koma madzi amadya dothi la kumapeto kwake komwe umalumikizana ndi msewu, nde umangotsala pakati pa mtsinje wopanda njira yofikirapo. Zambiri zomwe unaona mu Malichi 2023 ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kummwera zinali zotere, kuphatikizapo miyala ndi mitengo yomwe inatsika m'mapiri nkutseka pansi pa milatho, madzi nkusowa podutsa nkuyamba kukankha mlatho wonse.

Nde ukaona anthu akukumba mchenga pafupi ndi mlatho dziwa kuti akuthandiza madzi ntchito yokumba ija. Sindikuwada, ndikudziwa kuti ndi ganyu yomwe ikudyetsa mabanja ndipo tonse omanga nyumba timagula mchenga womwewo, koma pafupi ndi zipilala pasamakumbidwe. Lunyangwa amachokera m'nkhalango ya Kaning'ina, komwenso kuli damu lomwe timamwa madzi ake mu mzinda muno, mitengo ikatha kumeneko ndi m'mapiri ozungulira madzi a mvula salowanso pansi, amatsika onse nthawi imodzi ndi matope, ndipo malata ndi simenti za nyumba zathu zatsopano nazonso zimathamangitsira madzi ku mtsinje. Mlatho womwe unawerengedwa bwino zaka 30 zapitazo lero umalandira madzi omwe sunakonzedwere. Onjezapo majumbo, mabotolo ndi matewera omwe timataya m'ngalande, zonsezo zimakathera pa kalavati.

Zina ndi katundu wopitirira muyezo, ndi chifukwa chake pali masikelo a mathiraki pa misewu, komanso kuba zitsulo ndi mabawuti nkukagulitsa kwa ogula zitsulo zakale. Ukadzadutsa pa mlatho wa konkire uyang'ane timabowo totulutsa madzi m'mbali, tikatsekeka ndi mchenga madzi amadikha, amalowa m'ming'alu nkuyamba kudyetsa dzimbiri zitsulo za mkati. Uyang'anenso mpata womwe amasiya kumapeto kwa mlatho, umene umamveka kuti gu tayala likapondapo, amausiya dala chifukwa mlatho umatalika pang'ono kukatentha nkubwerera kukazizira. Kusesa timabowo timeneto ndi ntchito ya fosholo ndi tsache basi koma imawonjezera zaka zambiri.

Yazitsulo yolira ija imatchedwa Bailey, dzina la Donald Bailey wa ku Britain yemwe anaikonza nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kuti asilikali azimanga msanga ndi manja. Imabwera zidutswazidutswa nkulumikizidwa ndi mapini, pa masiku ochepa anthu ayamba kuwoloka, nde imathandiza kwambiri pa ngozi. Vuto lake yambiri ndi ya mzere umodzi, galimoto zimadikirana. Ufunse akuluakulu kwanu za mlatho wakale wa pa South Rukuru pa M1 kupita ku Chiweta, unali wotero, mpaka pomwe unamangidwa wa konkire wa mizere iwiri ndi thandizo la Japan nkutha mu 2012. Ukadzapita ku Karonga upemphe mpando wa pawindo uwuone.

FUNSO: Malume tikadzamangiridwa mlathowo sadzatiikira geti yolipiritsa ngati pa Chingeni? Wogulitsa kaunjika, msika waukulu.

YANKHO: Achemwali, mageti omwe a bungwe loona za ndalama za misewu la Roads Fund Administration anayamba nawo, la pa Chingeni ku Ntcheu mu 2021 ndi la pa Kalinyeke ku Dedza mu 2022, anaikidwa pa M1 kunja kwa mizinda, komwe galimoto zimayenda ulendo wautali. Geti pakati pa tauni ine ndingalikane, chifukwa galimoto iliyonse iyenera kuima kulipira, ndiye kuti tapanganso jamu yomwe timafuna kuthetsa ija, ndipo ndalamayo dalaivala aibweza pa inu pokweza mtengo wa siyenta. Komanso mumalipira kale, pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo pali gawo lomwe limapita ku thumba lokonzera misewu, nde olo mulibe galimoto, mukakwera minibasi ndi belo lanu la kaunjika mwaponyapo kale yanu. M1 imayang'aniridwa ndi a Roads Authority pomwe misewu ya m'malokeshoni ili m'manja mwa khonsolo ya mzinda, nde pofunsa za ndalama ndi mapulani muyambe mwadziwa kuti mlathowo ugwera pa msewu wa ndani, kenako funso lanu mulipereke kudzera ku komiti yanu ya pa msika.